Mahedifoni Ovindikira Khutu: Tigule Otani Ndalama Zikakhala Zochepa?

[NYIMBO YOTSEGULIRA, ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO]

WOULUTSA: A ku Santhe, a ku Chamama, a kwa Wimbe, a kwa Chulu, a ku Mtunthama, a ku Nkhamenya mpaka ku Chatoloma, ndi inu a pa boma pa Kasungu, khalani nafe mpaka pamapeto.

Lero tikamba za mahedifoni. Sindikunena timahediseti tija tolowetsa m'kati mwa khutu ayi, koma aakulu aja okhala ndi chogwirira chodutsa pamutu, ovindikira khutu lonse. Ndasankha nkhaniyi chifukwa cha nyengo imene tili. Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, mabelo n'kuyamba kuyenda, ndalama imalowa m'midzi yathu. Munthu akabweza ngongole ya feteleza, akalipira fizi, akagula malata, pamatsala kangachepe, ndipo m'makomo ambiri kangachepeko kamapita ku foni, ku sipika kapena ku mahedifoni. Ine sindiona cholakwa pamenepo. Munthu amene wathirira nazale dzuwa likuswa mtengo, wawokera, wapalira, wathyola, wasoka, wapachika m'chigafa, wasankha, wadinda, ali ndi ufulu wokhala pansi madzulo n'kumva nyimbo ya kumtima kwake momveka bwino.

Chimene chimandipweteka n'chakuti ndalama yokhetsera thukuta ngati imeneyi imathera pa katundu amene safika ngakhale nthawi ya mvula yoyamba. Wina waya waduka, wina mbali imodzi yasiya kulira, wina batire lafa. Choopsa kuposa pamenepo n'chakuti katundu wosankhidwa molakwika amawononga makutu, ndipo makutu sagulitsidwa m'sitolo iliyonse.

Tiyambe ndi kudziwa zimene zili m'kati. M'chigoba chilichonse cha kukhutu muli kasipika kakang'ono: maginito, kawaya kopyapyala kokulungidwa, ndi kapepala ka pulasitiki kamene kamanjenjemera mphamvu ya magetsi ikamadutsa m'kawayako. Kunjenjemerako kumakankha mpweya, khutu n'kumva mawu. Komatu kapepalako kamakankha mpweya mbali ziwiri, kutsogolo koloza khutu lanu ndi kumbuyo koloza kunja. Tsono opanga amasiyana pa funso ili: mawu akumbuyowa tiwatani?

Ena amawalola kutuluka. Kumbuyo kwa chigoba amaikako sefa kapena timabowo, ndipo pa bokosi amalemba kuti open-back. Kampani ya ku Germany ya Sennheiser ndiyo inayambitsa mtundu umenewu mu 1968 ndi mahedifoni otchedwa HD 414. Amamveka mokoma, nyimbo imakhala ngati ikuimbidwa pabwalo lotakasuka, koma amafuna chipinda cha zii. Phokoso lakunja limalowa lonse, ndipo amene wakhala pafupi nanu amamva zonse zimene mukumvera. Ena amatseka kumbuyoko ndi chigoba cholimba chopanda bowo, ndipo pa bokosi amalemba kuti closed-back. Amenewa ndiwo tikukamba lero. Ine ndikulankhula nanu pano ndavala otseka kumbuyo, monga amachitira ambiri ogwira ntchito m'nyumba zoulutsira mawu, chifukwa ndikanavala otsegula, mawu otuluka kukhutu kwanga akanabwereranso mu maikolofoni.

Palinso kusiyana kwina kumene ogula ambiri sakuona. Alipo mahedifoni amene khushoni yake imakhala pamwamba pa khutu n'kulipanikiza. Pa bokosi amalemba on-ear. Alipo ena amene khutu lonse limalowa m'kati mwa khushoni, khushoniyo n'kugunda mutu mozungulira. Amenewo ndiwo over-ear. Ambiri amene timawaona atapachikidwa m'mashopu ndi pa mabenchi a mumsika amaoneka aakulu, koma mukawavala mupeza kuti akukhala pamwamba pa khutu. Otere pakangotha ola limodzi khutu limayamba kuwawa, ndipo phokoso limalowa m'mbali. Musakhulupirire chithunzi cha pa bokosi. Valani, muone ngati khutu lanu lonse lalowa.

[KANYIMBO KAKAFUPI]

WOULUTSA: Nanga n'chifukwa chiyani ndikulimbikira otseka kumbuyo, ovindikira khutu lonse? Ena aganiza kuti n'chifukwa cha besi. Ayi ndithu. Chifukwa chachikulu ndi makutu anu.

Taganizani malo amene timamverako nyimbo. Mu minibasi yopita ku Lilongwe, injini ikulira, kondakitala akuitanira. Pa tiledingi senta pamene shopu iliyonse yatulutsa sipika yake pakhonde. Pafupi ndi chigayo kapena jenereta. M'hositelo ya sukulu yogonera komweko. M'nyumba ya chipinda chimodzi mmene ana akusewera. M'malo onsewa munthu amene wavala zomvera zolowetsa phokoso amachita chinthu chimodzi: amakweza voliyumu kuti nyimbo ipose phokosolo. Foni imamuchenjeza kuti wakweza kwambiri, iye n'kudina kuti ipitirire. Sadziwa kuti khutu likulandira zonse ziwiri, phokoso ndi nyimbo, tsiku ndi tsiku.

M'kati mwenimweni mwa khutu muli timaselo tokhala ndi titsitsi ting'onoting'ono, pafupifupi 16,000 khutu lililonse. Timeneti ndi timene timasandutsa kunjenjemera kwa mpweya kukhala uthenga wopita ku ubongo. Phokoso lalikulu limatitopetsa, ndipo likapitirira limatipha. Tikafa sitimeranso. Palibe jakisoni, palibe mankhwala a kuchipatala kapena a zitsamba amene angatibwezeretse.

Kukula kwa phokoso amakuyeza m'madesibelo. Anthu awiri akamacheza bwinobwino amakhala pa madesibelo pafupifupi 60. Mu 2019 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, mogwirizana ndi bungwe la ITU loona za mauthenga, linakhazikitsa muyeso wakuti munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata akumvera pa madesibelo 80, ndipo kwa ana muyeso wake ndi madesibelo 75. Apa mvetserani bwino, chifukwa masamu ake ndi odabwitsa: mukangowonjezera madesibelo 3, nthawi yoyenera imatsika ndi theka. Pa 83 ndi maola 20. Pa 86 ndi maola 10. Pofika pa 90 atsala maola pafupifupi 4 pa sabata yonse. Pa 100 simukwanitsa n'komwe theka la ola pa sabata, ndipo mafoni ambiri mukawakweza mpaka pamapeto amatha kufika pamenepo kapena kupitirira. N'chifukwa chake WHO inachenjeza kale mu 2015 kuti achinyamata oposa 1 biliyoni padziko lapansi ali pachiopsezo chowononga makutu awo ndi kamvedwe kotere.

Mahedifoni otseka bwino amachotsako gawo la phokoso lakunja nyimbo isanayambe n'komwe. Phokoso likachepa, simufunikanso kukweza. Mumamva mawu onse a woimba foni ili pakati, osati pamapeto. Kwa ine, ubwino waukulu wa mahedifoni amenewa ndi womwewu: amakulolani kutsitsa. Amene wagula otseka bwino koma n'kumakwezabe mpaka mnzake wa pampando wapafupi akumva nyimboyo, wataya ndalama ndi makutu omwe.

Ngati mukavula mahedifoni mumamva kulira kwa "tsiii" m'khutu, kapena mawu a anthu akumveka ngati akuchokera kuseri kwa khoma, khutu likukuuzani kuti lapweteka. Lipumitseni. Zikapitirira masiku angapo pitani kuchipatala. Ku Lilongwe kuli ABC Hearing Clinic, ndipo ku Blantyre pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth amayezanso makutu. Ndinenenso kwa anzathu ogwira ntchito m'zigayo ndi ocheka matabwa ndi makina: mahedifoni a nyimbo si zotetezera makutu pantchito. Kuika nyimbo pamwamba pa phokoso la chigayo ndi kuwonjezera vuto.

[KANYIMBO KAKAFUPI]

WOULUTSA: Tsopano funso limene limavutitsa ambiri akafika pa kauntala: a waya kapena a Bluetooth?

Ndikudziwa kuti achinyamata ambiri mtima uli pa opanda waya. Amaoneka amakono, ndipo palibe chokola pa chitseko kapena pa batani la malaya. Koma tiyeni tiwerengere bwino. Mukalipira ndalama yochepa pa mahedifoni a Bluetooth, ndalama imeneyo yagawidwa pa batire, pa kawailesi kolumikizira ndi foni, pa mabatani, pa timagetsi tothwanima, ndipo yotsala ndiyo yapita pa kasipika kamene kamatulutsa mawu. Mukalipira ndalama yomweyo pa a waya, yambiri yapita pa kasipika ndi pa kulimba kwa chigoba. Pa mtengo wofanana, a waya kawirikawiri amamveka bwino koposa.

Chachiwiri ndi magetsi. M'midzi yambiri ya m'boma lathu mawaya a ESCOM sanafike. Foni yokha timakatchajitsa pa shopu molipira kapena pa kasola kapakhomo. Mahedifoni a Bluetooth ndi chinthu china chofunanso kutchajidwa. Komanso batire lililonse la mtundu umenewu limafooka likatchajidwa kambirimbiri, ndipo kutentha kumalifooketsa msanga. Otsika mtengo ambiri batire lawo linamatidwa m'kati moti silingasinthidwe mosavuta. Likafa, katundu yense wafa, pamene a waya osamalidwa bwino amatha zaka zambiri.

Chachitatu chikukhudza inu amene mukundimvera pa foni panopa. Mafoni ambiri amagwiritsa ntchito waya wa mahedifoni ngati eriyo ya wailesi ya FM. Popanda waya wolowetsedwa, wailesiyo siitsegula kapena imangolira phokoso. Wogula a Bluetooth okhaokha akhoza kudzadabwa kuti nkhani za m'mawa, mitengo ya fodya ndi mpira wa Loweruka zamudutsa.

Sindikuti a Bluetooth onse ndi oipa. Amene ali ndi magetsi odalirika ndiponso foni yake ilibe bowo la mahedifoni, akhoza kuwagula. Paja kuyambira pamene Apple inachotsa bowolo pa iPhone 7 mu 2016, makampani ena ambiri anatsatira, ngakhale kuti mafoni ambiri a Tecno ndi itel amene ali m'manja mwathu akadali nalo. Koma ngati mwasankha a Bluetooth, sankhani okhala ndi bowo lolowetsa waya, ndipo muyese pomwepo m'sitolo: azimitseni, lowetsani waya, mumve ngati akulira. Otero ndiwo adzakutumikirenibe batire likadzatha mphamvu.

Pa mabokosi ena mupeza zilembo zitatu, ANC. Amenewo ali ndi timaikolofoni tomvera phokoso lakunja n'kupanga mawu olifafaniza. Amathandiza pa phokoso losasinthasintha ngati la injini ya basi, koma mawu a anthu ndi kulira kwa mwana sachotsa kwenikweni, ndipo amadya batire. Chenjerani ndi zilembo zina zofanana nazo, ENC. Zimenezo zimangoyeretsa mawu anu kwa munthu amene mukulankhula naye pa foni. Sizichotsa phokoso m'makutu mwanu. Ogulitsa ena amazisakaniza, mwina mosadziwa.

[KANYIMBO KAKAFUPI]

WOULUTSA: Tibwere ku manambala a pa bokosi, amene amasokoneza anthu ambiri. Nambala imodzi yokha ndiyo ndikufuna muisunge: ija yotsatana ndi mawu oti ohms. Imasonyeza mphamvu imene mahedifoni amafuna kuti alire mokwanira. Pa foni, sankhani a pakati pa 16 ndi 64; ambiri amakhala 32. Alipo mahedifoni abwino kwambiri, monga DT 770 Pro a kampani ya Beyerdynamic, amene amapangidwa m'mitundu ya 32, 80 ndi 250. Wachibale wa ku Joni akhoza kukutumizirani a 250 ndi mtima wabwino, inu n'kupeza kuti pa foni akumveka motsika ndi mofooka. Sanawonongeke; anapangidwira makina a mu situdiyo.

Manambala ena aja musataye nawo nthawi. Pafupifupi bokosi lililonse limalemba kuti 20 mpaka 20,000 Hz. Amenewo ndi malire a kumva kwa khutu la munthu wachinyamata, ndipo aliyense akhoza kuwasindikiza. Sakuuzani ngati mawu akumveka moyera. Kukula kwa kasipika, kaya ndi mamilimita 40 kapena 50, nakonso si umboni wa ubwino. Mawu ngati "super bass" ndi okopa maso basi.

Ndikupatseni mayina angapo, osati kuti ndikutsatsa malonda, koma kuti mukhale ndi poyezera, makamaka inu amene mungatume munthu ku Lilongwe, ku Lusaka kapena ku Joni. Audio-Technica ATH-M20x ndi otseka kumbuyo, ovindikira khutu, a 47 ohms, ndipo kwa zaka zambiri ku America akhala akugulitsidwa pafupifupi madola 50. Vuto lake waya ndi wautali, mamita atatu, ndipo suchoka. Akulu ake, M40x, waya wake umachoka n'kusinthidwa, koma mtengo umakwera. AKG ili ndi K52, K72 ndi K92, opepuka pamutu, onse a 32 ohms. Tascam TH-02 ndi otsikirapo mtengo. Sony MDR-7506, amene anatuluka mu 1991 ndipo akupangidwabe mpaka lero, amapezeka m'nyumba zambiri zoulutsira mawu padziko lapansi. Mtengo wake wakhala pafupifupi madola 100. Dziwani kuti ambiri mwa amenewa alibe maikolofoni, popeza anapangidwira kumvera osati kuimbira foni.

Mitengo ya m'makwacha sinditchula, chifukwa kuyambira pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya katundu wochokera kunja siikhazikika. Koma inu alimi a fodya dola mumaidziwa, ndiyo imalembedwa pa mapepala anu a ku okushoni. Iwerengereni nokha. Katundu amene kwawo komwe amagulitsidwa madola 100 sangafike pa benchi ya mumsika wa Kasungu, atakwera ndege kapena sitima ndi kulipiridwa msonkho, n'kumagulitsidwa pa mtengo wa madola 8. Mukaona dzina lalikulu pa mtengo woterowo, dziwani kuti dzinalo langomatidwa. Ine ndingakonde mugule mahedifoni a kampani yaing'ono imene yalemba dzina lake lenileni, kusiyana ndi abodza ovala dzina la eni ake. Amene wanama pa dzina sangakuuzeni zoona pa zimene waika m'kati.

Musanyozenso ogwiritsidwapo kale ntchito. Mahedifoni enieni a waya, ngakhale khushoni itasupuka, amaposa atsopano abodza, malinga mbali zonse ziwiri zikulira bwino.

[KANYIMBO KAKAFUPI]

WOULUTSA: Tsono tafika m'sitolo. Inu mukudziwa kuti wogula fodya sakhutira ndi masamba a pamwamba pa belo. Amapisa dzanja mpaka m'kati, n'kusolola, n'kununkhiza. Chitani chimodzimodzi. Pitani ndi foni yanu ndi nyimbo zimene mumazidziwa bwino, ndipo pemphani mwaulemu kuti muyese. Wogulitsa amene akukana kuti muyese, mutsanzikeni bwinobwino mupite kwina.

Poyamba valani osatsegula nyimbo iliyonse. Imani chete mumve ngati phokoso la mumsika latsika. Mawu a anthu ndi mabelu a njinga ayenera kumveka ngati atalikira. Ngati palibe kusintha, mahedifoniwo sakutseka, kaya bokosi lanena zotani. Onaninso ngati khushoni yagwira mutu mozungulira monse. Mpata waung'ono, kaya wabwera ndi magalasi a maso, duku, chipewa kapena tsitsi loluka, umathawitsa besi ndi kulowetsa phokoso. Amayi ndi atsikana, yesani ndi mutu mmene umakhalira masiku onse.

Kenako tsegulani nyimbo, voliyumu pakati. Yambani ndi ya mawu ambiri, monga kwaya ya ku tchalitchi kwanu. Muyenera kusiyanitsa mawu a amayi ndi a abambo, ndipo wotsogolera azimveka pakati penipeni pa mutu wanu. Akamamvekera mbali imodzi, kasipika kena n'kofooka. Ikani ya besi yolemera, monga rege ya Black Missionaries. Apa mpamene ambiri amapusitsidwa, chifukwa mahedifoni otsika mtengo otseka kumbuyo amakonda kufufumitsa besi, mawu akumbuyo aja akamagundagunda m'chigoba. Kwa mphindi ziwiri zimakoma, koma mvetserani: kodi mawu a woimba akumveka onse, kapena besi yawakwirira? Besi yabwino imagunda n'kuleka. Yoipa imangolindima osatha. Ngati muli ndi nyimbo ya ng'oma zathu, iyeseni. Pa mahedifoni abwino mbalule imamveka payokha, mpanje payokha, kuwomba m'manja pakokha. Pa oipa zonse zimasanduka chiphokoso chimodzi. Malizani ndi ya zingwe, monga za Allan Namoko kapena Giddes Chalamanda. Zingwe zizimveka moyera koma osabaya khutu. Zikamabaya m'sitolo, kunyumba mudzatopa nazo pasanathe nyimbo zitatu.

Poyerekeza awiri, samalani ndi chinthu chimodzi. Khutu la munthu limaganiza kuti chofuula kwambiri ndicho chokoma. Ngati ena akulira mokweza kuposa anzake, tsitsani mpaka afanane, kenako muweruze.

Nyimbo ikulira choncho, gwedezani waya pafupi ndi pulagi ndiponso pamene walowera m'chigoba. Mukamva kuthetheka kapena kudukiza, asiyeni. Pindani pang'ono chogwirira cha pamutu, muone ngati m'kati muli chitsulo kapena ndi pulasitiki yokhayokha. Malo olumikizira chigoba ndi chogwirira ndiwo amayamba kuthyoka. Funsani mnzanu amene mwapita naye ngati akumva nyimbo yanu ataima pafupi. Ndipo musavule msanga. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha: khalani nawo pamutu mphindi khumi kapena kuposerapo. Opanikiza kwambiri amabweretsa litsipa, olemera amatopetsa khosi, ndipo zimenezi sizidziwika pa mphindi yoyamba.

Kunena zoona, otseka kumbuyo ali ndi vuto limodzi limene kuno silingabisike: kutentha. Mu Juni ndi Julaye mudzawakonda. Mu Okutobala ndi Novembala makutu amachita thukuta, ndipo thukutalo limasupula kachikopa ka pulasitiki ka pa khushoni. N'chifukwa chake funsani ngati khushoni imachoka. Yochoka mukhoza kugula ina, kapena telala akhoza kuisokera kansalu kofewa.

Mukalipira, tengani lisiti, ndipo mugwirizane masiku obwezera katundu akapezeka ndi vuto. Popanda lisiti, ngakhale mutapita kukadandaula ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, mudzasowa poyambira.

[KANYIMBO KAKAFUPI]

WOULUTSA: Pali chinthu china chimene chimakhumudwitsa amene agula mahedifoni abwino. Amafika kunyumba, n'kupeza kuti nyimbo zina zikumveka zoipa kuposa kale. Vuto si mahedifoni, koma nyimbo zimene zili mu memore khadi. Kuti nyimbo zambiri zikwane, zina zimafinyidwa mopitirira muyeso, ndipo mahedifoni abwino amaulula zimene timahediseti totsika tinkabisa. Yang'anani kukula kwa fayilo. Nyimbo ya MP3 ya mphindi zinayi yomveka bwinoko imakhala pafupifupi 4 MB, ndipo yabwino kwambiri imafika 9 kapena 10 MB. Mukaona ya mphindi zinayi ili 1 MB, dziwani kuti zambiri zatayika. Pezani nyimbo m'njira zovomerezeka. Zimamveka bwino, ndipo oimba athu, amene bungwe la COSOMA linakhazikitsidwa mu 1992 kuti liziteteza ntchito zawo, amapezako kenakake.

Kasamalidwe sikovuta. Fumbi la kuno m'chilimwe ndiponso fumbi la fodya nthawi yosankha zimalowa m'kasipika, choncho mukavula asungeni m'kathumba ka nsalu. Musawasiye padzuwa kapena pawindo. Potulutsa mu foni gwirani pulagi, osakoka waya. Pukutani khushoni ndi kansalu konyowa pang'ono, makamaka ngati mumabwerekana, ndipo amene ali ndi mafinya m'khutu kapena zipere m'mutu asabwerekane ndi anzake mpaka atachira.

Mbali imodzi ikasiya kulira, musathamangire kuwataya. Nthawi zambiri kasipika kamakhala kali bwino, waya ndiwo waduka m'kati pafupi ndi pulagi. Okonza mafoni ndi mawailesi pa boma, ku Santhe kapena ku Nkhamenya akhoza kudula pamenepo n'kuwotcherera pulagi yatsopano pa mtengo wochepa. Boma lino lili ndi mbiri pa luso limeneli. William Kamkwamba wa kwa Wimbe, amene dziko lonse linamudziwa chifukwa cha makina amphepo opangira magetsi amene anamanga ndi zitsulo zotayidwa ali mnyamata, anayamba ndi kumasula mawailesi akufa n'kumakonzera anthu a m'mudzi mwake. Manja otere alipo ambiri m'misika yathu, ndipo ichi ndi chifukwa chinanso chimene ine ndimasankhira a waya: akhoza kukonzedwa konkuno.

Nthawi yatithera, koma pali pempho limodzi limene sindingachoke ndisananene. Mahedifoni amene ndakhala ndikuwayamikirawa amatseka phokoso, ndipo hutala ya galimoto nayo ndi phokoso. Msewu wa M1 umadutsa pakati pa boma lathu, ndipo nyengo ino mathiraki onyamula mabelo akuyenda usana ndi usiku. Anyamata a kabaza, ya njinga yakapalasa kapena yamoto, inu oyendetsa ngolo, ana a sukulu oyenda m'mphepete mwa msewu, chonde musavale mahedifoni muli pamsewu. Makolo, mwana wanu mukamuona akutuluka nawo kumutu, muuzeni awavule, akavale akafika kumene akupita.

[NYIMBO YOTSEKERA]